Ma credit anga 40 a ku Ivy Tech akalandiridwa onse ku yunivesite?

Achemwali ena okhala ku South Bend, Indiana andilembera, ndipo funso lawo ndalifupikitsa chonchi: "Ndakhala ndikuphunzira ku Ivy Tech pafupifupi zaka ziwiri, masana sukulu usiku ntchito ya CNA. Ndikupanga AAS ya accounting ndipo ndili ndi ma credit 40. Ndikufuna ndipite ku IU South Bend ndikatenge bachelor's koma mnzanga wa kuntchito akuti iye atasamukira ku yunivesite ina anamudulira pafupifupi theka la ma credit ake. Ndipite pompano kapena ndimalize kaye associate? Nanga dipuloma yanga ya kumudzi ingathandize? Ndili ndi green card." Ivy Tech ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri, IU ndi Indiana University, AAS ndi digiri ya zaka ziwiri yotchedwa Associate of Applied Science, ndipo CNA ndi wothandiza anamwino kusamalira odwala. Atumizanso mndandanda wa makosi onse amene apanga, magiredi ali pomwepo, ndipo kumapeto atchula mng'ono wawo amene akuphunzira pa visa ya F-1.

Achemwali, mnzanuyo sananame ayi, ndipo si iye yekha. Mu 2017 ofesi ya boma la America yotchedwa GAO inatulutsa lipoti la nkhani yomweyi, anapeza kuti ophunzira amene anasamuka sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 ankataya ma credit pafupifupi 43 pa 100 alionse. Amene ankachoka ku makoleji a private ofuna phindu aja, otsatsa pa TV usiku, n'kupita ku sukulu za boma ndiye zinali zomvetsa chisoni, ankataya 94 pa 100. Inuyo simuli m'gulu limenelo chifukwa Ivy Tech ndi IU zonse ndi za boma la Indiana ndipo zonse zimavomerezedwa ndi bungwe limodzi, Higher Learning Commission. Ndiye musade nkhawa kwambiri. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse bwino chifukwa ndi pamene anthu athu ambiri amagwera, ine ndaona anthu akulira mu ofesi chifukwa cha chimenechi.

Yunivesite ikati ma credit anu tawalandira, sizikutanthauza kuti alowa mu digiri yanu. Ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo kawirikawiri amaweruza ndi anthu osiyana. Kulandira amapanga a admissions kapena a registrar, amangoona kuti sukulu yanu ndi yovomerezeka, kosiyo ndi ya mlingo wa koleji, giredi ndi yokwana, basi adinda. Koma kuti kosiyo ilowe pa malo ena ake mu digiri ya accounting, amanena ndi a sukulu ya bizinesi. Zili ngati mwafika pa site ndi lole yodzadza katundu, kapitawo walandira zonse walemba m'buku, koma pulani ya nyumba ili ndi mawindo 6 inu mwabweretsa mafelemu 10 ndipo chitseko mulibe. Mafelemu 4 otsalawo sanawakane, ali pomwepo atsamira khoma, koma chitseko mukagulabe. Ma credit otsamira khomawo pa pepala amawalemba kuti elective kapena undistributed, ndipo digiri iliyonse ili ndi malo ochepa chabe a zimenezo. Munthu amatha kulandiridwa ndi ma credit 60 n'kumasangalala kuti ndatsala ndi zaka ziwiri, kenako advisor akumuuza kuti zatsala zitatu.

Tsopano tiyeni titenge pepala lanu lija tiwerenge limodzi. Uku ndi kuwerenga kwa ine monga munthu amene ndaona ma transcript ambiri, mawu omaliza ndi a yunivesite.

Pa 40 paja, 6 ndi a makosi awiri amene munayamba nawo, English ndi masamu okonzekera, aja nambala yake imayamba ndi 0. Amenewo iwalani, sapita kulikonse. Si kuti Ivy Tech inakuberani, anakuthandizani kuti mukhoze ENGL 111, koma kosi iliyonse ya nambala yochepera 100 sawerengera mu digiri. Tatsala ndi 34. Economics munapeza D. IU imafuna C kapena kuposa kuti kosi isamuke, ndiye atatu amenewo agwanso, tatsala ndi 31. Pa 31 amenewa, amene ine ndikuwaona kuti ali ndi mpando wawo ndi ENGL 111 imene ku IU imafanana ndi ENG-W 131, COMM 101 ya kulankhula pagulu, PSYC 101, ACCT 101 ndi ACCT 102, komanso mwina ija ya introduction to business. Amenewo ndi 18. Otsala 13 ndi amene ali pa mpanda: credit imodzi ya kosi ya student success, MATH 123, ndi makosi atatu aja a payroll, income tax ndi QuickBooks.

MATH 123 ndi kosi yabwinobwino ya koleji, quantitative reasoning, ndipo ikalandiridwa. Vuto ndi lakuti madigiri a bizinesi kawirikawiri amafuna finite math, ena mpaka ka calculus kakafupi, ndiye mukapezeka mukukhalanso m'kalasi ya masamu. Makosi atatu a accounting aja ndi amene amapweteka mtima kwambiri chifukwa ndi amene munawavutikira ndipo munapeza A ndi B. Mukuganiza kuti income tax ndi income tax basi, ndinaiphunzira kale. Koma ku yunivesite tax ndi intermediate accounting ndi makosi a chaka chachitatu, a nambala ya 300, ndipo sukulu za bizinesi zimene zili ndi chivomerezo cha AACSB, bungwe loyesa sukulu za bizinesi, monga Judd Leighton School of Business and Economics ya ku IU South Bend komweko, sizikonda kulola kosi ya 100 kapena 200 kulowa m'malo mwa ya 300. Mutu ukhoza kufanana, buku likhoza kufanana pang'ono, koma mlingo ndi wosiyana. Ndiye mwachidule pa 40 anu, 9 agwa, 18 ndi olimba, 13 akudikira chifundo cha malo a elective. Mukuona kuti theka la mnzanu lija silili patali.

Gwero la zonsezi ndi zilembo zitatu zija, AAS. A wachiwiriyo akuimira applied, ndipo digiri imeneyo anaipanga kuti munthu amalize n'kukayamba ntchito, kukasunga mabuku a kampani, kupanga malipiro a antchito. Siinapangidwe kuti ikhale theka loyamba la bachelor's. Zopangidwira kusamuka ndi AS ndi AA, Associate of Science ndi Associate of Arts. Anthu athu ambiri amalowa AAS osadziwa, umafika pa desiki tsiku lolembetsa utatopa ndi shifiti ya usiku, akufunsa ukufuna kuphunzira chani, iwe accounting, iwo akulowetsa mu pulogalamu imene ili ndi dzina la accounting, nkhani yatha. Palibe amene wafunsa kuti kodi mukufuna mudzapitirize, ndipo ifenso ulemu uja wa kwathu, kuopa kuvutitsa munthu wa mu ofesi, timangoti thank you n'kutuluka.

Ndiye yankho langa pa funso lanu lakuti mupite pompano kapena mumalize: zonse ziwiri ayi, monga mmene mwazifunsira. Musapite pompano, komanso musamalize AAS mmene ililimu. Pitani kwa advisor wanu musinthe pulogalamu, mulowe AS ya business administration imene ili pansi pa TSAP. Ndikufotokozereni.

Indiana ili ndi zinthu zitatu zimene boma linakonza kuti anthu asamataye ma credit, ndipo zonse mukazipeza pa webusaiti ya TransferIN. Choyamba ndi Core Transfer Library, mndandanda wa makosi amene sukulu zonse za boma zinagwirizana kuti ndi ofanana, mumalemba kosi yanu n'kuona dzina lake ku IU, ku Purdue, ku Ball State. Chachiwiri ndi Indiana College Core, chinachokera ku lamulo la 2012 ndipo kale ankachitchula STGEC. Ndi mtolo wa ma credit 30 a maphunziro a aliyense aja, kulemba, kulankhula, masamu, sayansi, za chikhalidwe cha anthu ndi za luso. Mukamaliza mtolo wonsewo, Ivy Tech imalemba pa transcript kuti mwamaliza, ndipo yunivesite iliyonse ya boma mu Indiana imayenera kuulandira wathunthu osaumasula. Apa ndi pamene pali phindu lenileni. Mukapita ndi 27 osamaliza, akaumasula mtolowo n'kuyamba kuyang'ana kosi imodziimodzi, ndipo m'kuyang'ana m'menemo ndi mmene zinthu zimagwera pansi. Chachitatu ndi TSAP, imene inayamba mu 2015, Ivy Tech imaitsatsa kuti Transfer as a Junior. Mukamaliza associate ya pa njira imeneyi n'kulandiridwa mu major yofanana nayo ku yunivesite ya boma, mumalowa ngati wa chaka chachitatu ndi ma credit 60, kutsala 60 kuti mufike 120. Business administration ilipo, nursing ilipo, social work, computer science, criminal justice ndi zina.

Mawu akuti n'kulandiridwa ndawaika dala. TSAP siikupatsani malo, kufunsira malo mufunsirabe, ndipo sukulu ya bizinesi ikhoza kukhala ndi GPA, avareji ya magiredi, yake imene ikufuna. Komanso zonsezi zimamanga sukulu za boma zokha. Notre Dame, Holy Cross, Bethel, Saint Mary's ndi za private, zili ndi malamulo awo, ena ali ndi mapangano awoawo ndi Ivy Tech koma mufunse paokha. Mukangodutsa malire kulowa Michigan, ndipo kuchokera ku South Bend kupita ku Niles ndi pafupi ngati kukagula ndiwo, ndiye mwalowa dziko lina pa nkhani ya ma credit, kumeneko ali ndi Michigan Transfer Agreement yawo, ndipo Andrews ku Berrien Springs kumene abale athu ambiri a Seventh Day amakonda ndi ya private. Texas ili ndi mtolo wake wa 42. Ku Washington makoleji ambiri amayendera quarter osati semesita, credit yawo imodzi ndi magawo awiri mwa atatu a ya kuno, ndiye 90 awo ndi 60 athu. Ndikunena izi chifukwa ife timasamukasamuka, wina akangoti ku Dallas kapena ku Seattle ntchito ikulipira bwino tanyamuka pakati pa sukulu. Ngati muli ndi maganizo amenewo, ganizani pano musanalipire kosi ina.

Mukasintha pulogalamu mudzaona kuti 18 olimba aja alowa bwinobwino, ena mwa 13 aja mwina apeza malo, ndipo mutsala ndi ntchito ya masemesita atatu mwina anayi malinga ndi mmene mashifiti akukulolerani. Mwina mukuti aaa, ndiye ndabwerera m'mbuyo. Zoona mwabwerera pang'ono, koma makosi amenewo muyenera kuwapangabe, funso ndi lakuti muwapange kuti, ndipo fizi ya ku Ivy Tech pa credit ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya ku yunivesite. Economics ibwerezeni komweko. Masamu a finite pangani komweko, makalasi ndi ang'ono, ndipo musawasiyire ku mapeto monga amachitira aliyense woopa masamu. Makosi atatu a payroll, tax ndi QuickBooks aja funsani ngati angakupatseni ka certificate ka bookkeeping, chifukwa Ivy Tech imakhala ndi ma certificate ang'onoang'ono m'kati mwa mapulogalamu ake, ndipo kapepala kameneko kakhoza kukutulutsani mu ntchito yonyamula odwala usiku n'kukuikani pa desiki masana muli pa sukulu pomwe. Msana nawo uli ndi malire.

Pali njira ina imene wina akuuzani, ndiye bola muimve kwa ine. IU ili ndi digiri ya Bachelor of Applied Science, ya pa intaneti, imene anaikonzera anthu amene ali ndi AAS, ndipo imeneyo imatenga AAS yanu pafupifupi yonse. Kwa munthu amene akungofuna pepala la bachelor's kuti akwezedwe pa ntchito ndi njira yabwino ndithu. Koma si digiri ya accounting. Ngati maloto anu ndi kudzalemba mayeso a CPA, a laisensi ya akauntanti, kapena kulowa mu kampani ya ma audit, mudzapezeka mukusowa makosi a 300 ndi 400 aja. Ine kwa inu sindikuikonda, pokhapokha mutandiuza kuti CPA mulibe nayo ntchito.

Za ndalama, popeza muli ndi green card ndiye mwina mukulandira Pell, thandizo la boma la fizi, kudzera pa fomu ya FAFSA. Pell ili ndi malire a moyo wonse, masemesita 12 a full time, ikatha yatha. Pa thandizoli palinso lamulo lakuti musapitirire 150 pa 100 ya ma credit a digiri yanu, kutanthauza 180 pa digiri ya 120, ndipo amawerenga amene munayesa osati amene munakhoza okha. Ndiye kosi iliyonse imene mukupanga yosalowa mu digiri ikudya thumba limene mudzalifune chaka chomaliza, pamene fizi yakwera. Ichi n'chifukwa chake sindikufuna mumalize AAS mongoti poti ndinayamba.

GPA nayo siisamuka. Ma credit amapita koma magiredi amatsala, ku IU mukayamba pa ziro. Kwa amene anavutika poyamba ndi mwayi, kwa inu amene muli ndi ma A angapo ndi zowawa pang'ono, chifukwa semesita yoyamba mukapeza ma C awiri palibe chokutchingirani. GPA ya ku Ivy Tech imagwira ntchito polowa ndi pa ma scholarship, ndiye ngati anakuitanani ku Phi Theta Kappa, bungwe la ophunzira okhoza bwino, musaitaye imelo ija, mayunivesite ambiri ali ndi ndalama zapadera za mamembala ake. Ndipo D uja musaganize zomubisa. Pa fomu amafuna mutchule sukulu iliyonse imene munaphunzirapo sekondale itatha, ndipo akadzazindikira kuti munasiya ina akhoza kukulandani malo.

Zimenezi zikutifikitsa pa dipuloma ya kumudzi. Simunandiuze kuti ndi ya kuti, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Ngati munaipanga pa yunivesite kapena koleji yovomerezeka, monga Polytechnic imene pano ndi MUBAS, kapena ina imene NCHE imaizindikira, mwayi ulipo. Muyenera kuipititsa ku bungwe loyesa mapepala a kunja monga WES kapena ECE, ndipo mupemphe ya course-by-course osati yongonena kuti dipulomayi ikufanana ndi chakuti, chifukwa ndi yokhayo imene imaonetsa kosi iliyonse ndi ma credit ake. Musanalipire funsani a IU South Bend kuti amalandira lipoti la bungwe liti, ndalama zake si zochepa ndipo sabweza. Mapepala amayenera kuchokera ku sukuluko mwachindunji, osati kopi imene ili mu sutikesi yanu, ndiye pezani m'bale wolimba mtima amene azikagogoda ku registry, ndipo yambani pano chifukwa zimatenga miyezi. Ngati dipulomayo ndi ya mayeso a bungwe la ntchito osati ya sukulu, zimavutirapo, ena amapereka ma credit ochepa ena sapereka. Lipoti la WES ndi malangizo chabe, yunivesite ikhoza kutenga theka kapena kukana. Makosi a tax ndi malamulo a bizinesi a kwathu musawayembekezere, msonkho wa MRA ndi wa IRS ndi zinthu zosiyana. MSCE imakulowetsani pakhomo basi, credit siipereka. Kumbukiraninso kuti mayunivesite amaika malire a ma credit ochokera ku makoleji a zaka ziwiri, kawirikawiri cha m'ma 60, ndipo amafuna ma credit ena, nthawi zambiri osachepera 30, muwapange pa sukulu yawo. Ndiye olo dipulomayo itabweretsa 20, sikuti mumaliza m'chaka chimodzi.

Kosi ikakanidwa kapena ikaponyedwa ku elective, mukhoza kudandaula, ndipo anthu ambiri sadziwa. Chida chake ndi silabasi. Mayi wina amene ndinkamuthandiza anamukanira statistics pa yunivesite ina, kalata inangoti no equivalent. Tinakhala mu ofesi mwanga iye akufufuza pa foni mu imelo yakale, mwana ali kumbuyo akukoka ndolo, mpaka anaipeza silabasi ya masamba anayi, dzina la buku, mitu ya sabata iliyonse, regression ili pa sabata ya 12. Tinaitumiza kwa mkulu wa dipatimenti ya masamu ndi mizere itatu yokha ya kalata, patapita masiku 9 kosi ija inalowa. Amene anakana poyamba anali asanaone chilichonse kupatula dzina la kosi. Ndiye lero lomwe lowani mu akaunti yanu ya sukulu mutsitse silabasi ya kosi iliyonse imene mwapanga, muisunge pa imelo yanu ya inu mwini osati ya sukulu, chifukwa ya sukulu amadzatseka.

Ndipo chilichonse chimene advisor wakuuzani pakamwa, mupempheni achilembe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Sindikunena kuti ma advisor ndi abodza, inenso ndi mmodzi wa iwo, koma timasintha ntchito, timaiwala, ndipo wa ku Ivy Tech alibe mphamvu yolonjeza zimene IU idzachite. Mukatuluka mu ofesi tumizani imelo yaifupi, mwati kosi yakuti ilowa m'malo mwa yakuti, ndamva bwino? Akayankha kuti yes, sungani.

Mng'ono wanu amene mwamutchula kumapeto kuti ali pa F-1, visa ya ophunzira, za ma credit ndi zomwezi, koma iye ali ndi kusamuka kwachiwiri kwa SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja. Akalandiridwa auze DSO, woyang'anira ophunzira akunja pa sukulu yake, tsiku losamutsa rekodi, sukulu yatsopano imupatse fomu ina ya I-20, ndipo adzafunika kuonetsanso ndalama za chaka chonse pa fizi ya yunivesite, imene ili yokwera. Pell iye sapeza. Asasiye makalasi kapena kutsika pansi pa ma credit 12 asanalankhule ndi DSO.

Inuyo sabata ino pangani ma appointment awiri, ndipo yambani ndi ya ku IU South Bend osati ya ku Ivy Tech. Pitani ndi transcript, olo yosadindayo, mupemphe kuonana ndi advisor wa sukulu ya bizinesi yeniyeniyo, ndipo funso lanu lisakhale lakuti mulandira angati. Mufunse kuti pa pepala la digiri ya accounting, kosi iliyonse yangayi ikulowa pa mzere uti, ndipo ndatsala ndi makosi ati. Akulembereni. Pepala limenelo ndi limene mupite nalo ku Ivy Tech posintha pulogalamu, musanalembetse makalasi a semesita ikubwerayi. Mukapeza dzina la sukulu imene inakupatsani dipuloma ija ndi chaka chake, nditumizireni tione ngati ndalama za WES zili zoyenera kutaya.